Mwana akutsokomola chiyambire kuyatsa diffuser, kodi ndipitirize?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Tikuchita lendi zipinda ziwiri. Ndili ndi mnyamata wa zaka 7 yemwe amadwala mphumu, komanso khanda la miyezi 8. Apongozi anga tili nawo pompano, anabwera kuchokera ku Dedza chaka chatha. Mwezi wa Meyi mnzanga wa kuntchito anandigulitsa diffuser, kamakina komwaza fungo m'nyumba, ndi timabotolo titatu ta mafuta onunkhira: lavender, bulugamu ndi peppermint. Anati ndikamayatsa usiku wonse chimfine sichilowa m'nyumba, mpweya umayera, ndipo mwana adzasiya inhaler. Ine ndekha ndikugona bwino chiyambire. Koma mnyamatayu akutsokomola kwambiri usiku, m'chifuwa mukulira, ndipo apongozi akumadzuka ndi mutu. Mnzanga uja akuti n'chizindikiro choti zoipa zikutuluka m'thupi, ndiwonjezere madontho. Kodi ndipitirize? Ndalama zinapita zambiri ndithu."

Mayi, pepani ndi matendawo, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanawonjezere madonthowo. Mtima ukhale m'malo. Simunalakwe kufunira ana anu zabwino, ndipo pa zomwe mwafotokozazi palibe chimene sichingakonzeke. Koma ndiyambe ndi cha changu: kuyambira usiku uno diffuser isayakenso m'chipinda chogona ana, ndipo inhaler ya mnyamatayo, yopopera mankhwala a mphumu ija, ikhale kumutu kwa bedi, pomwe dzanja lanu lingaipeze ngakhale magetsi atazima.

Mawu akuti "zoipa zikutuluka" ndawamva kambirimbiri pa zaka zoposa 20 zomwe ndagwira ntchito m'ma pharmacy a muno mu Harare, ndipo amandiwawa mumtima chifukwa amachedwetsa anthu kupita kuchipatala. Mwana wa mphumu akamatsokomola usiku, m'chifuwa mukulira ngati mluzu, palibe chimene chikutuluka. Timinofu tozungulira njira za mpweya tafinya njirazo, mkati mwake mwatupa, ndiye mpweya ukudutsa mopanikizika. Thupi likukuuzani kuti china chake chikulipweteka, ndipo kuwonjezera madontho n'kuwonjezera chomwecho.

Tikambe za mafutawo. Mafuta onunkhirawa, omwe ogulitsa amawatcha ma essential oil, amawatcheza kuchokera ku masamba, maluwa kapena makoko a zipatso. Nthawi zambiri amadutsitsa nthunzi yotentha m'masamba ambirimbiri, nthunziyo n'kuizizitsa, mafuta n'kuyandama pamwamba pa madzi. Pa mulu waukulu wa masamba pamatuluka mafuta ochepa zedi. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi pamafunika makilogalamu oposa 3,000 a maluwa. Choncho kabotolo ka mamililita 10 kamene muli nakoko si tsamba la bulugamu lomwe mumalidziwa ayi. Ndi mphamvu ya masamba odzaza dengu itapanikizidwa pamodzi. Kuchokera ku chomera sikuchititsa chinthu kukhala chofatsa. Fodya nayenso ndi chomera.

Ndikudziwa chomwe chimatipangitsa kukhulupirira msanga. Tinakula tikuona agogo athu akuwiritsa masamba a bulugamu kapena a mandimu, n'kutifunditsa bulangete pamwamba pa mphika kuti tifukize chimfine. Kumudzi ankaika mpungabwi m'nyumba pofuna kuthamangitsa udzudzu. Ndipo tonse tikukumbukira 2020 ndi 2021, pamene masamba a zumbani ankagulitsidwa m'timitolo ku Mbare Musika ndi m'misewu yonse, aliyense akufukiza poopa Covid-19. Ndiye munthu akabwera ndi kabotolo kolembedwa dzina la mtengo womwe tikuudziwa, mtima umati n'zomwe zija. Koma agogo ankaponya masamba odzaza dzanja limodzi, kufukiza kwake kunali kwa mphindi zowerengeka, bulangete n'kuchotsa. Sankakugonekani mu fungolo maola 8, zitseko ndi mazenera zili zotseka.

Diffuser yomwe ambiri akugula masiku ano, ya madzi ija yoyaka timagetsi tamitundumitundu, siwiritsa madzi. Pansi pa madziwo pali kachitsulo kozungulira kamene kamanjenjemera koposa miliyoni imodzi pa sekondi, n'kumaphwanya madzi ndi mafuta kukhala timadontho tosaoneka bwino ndi maso. Chomwe mumaona chikufuka chija si nthunzi ya moto, n'chifukwa chake mukaikapo dzanja chimazizira. Timadontho timeneti timayandama m'chipinda, aliyense amene ali momwemo n'kumatipuma, wofuna ndi wosafuna yemwe. Apa ndiye pagona nkhani yanu yonse. Mapiritsi amamwa ndi munthu mmodzi. Mpweya wa m'chipinda mumagawana nonse, kuyambira apongozi mpaka khanda lomwe silingathe kunena kuti likubanika.

Sindikufuna muganize kuti ndikunyoza mafutawa. Zoti mukugona bwino ndikuzikhulupirira. Fungo lili ndi njira yachidule yofikira mbali za ubongo zomwe zimasunga zikumbutso ndi mmene munthu akumvera mumtima. N'chifukwa chake fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa mu Novembala limatha kukufikitsa pakhomo pa agogo ako usanaganize n'komwe. M'mphuno mwathu muli mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandira fungo, ndipo Linda Buck ndi Richard Axel analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chofotokoza mmene timagwirira ntchito. Za lavender kafukufuku alipo ndithu, ndipo amasonyeza kuti fungo lake limathandiza anthu ena kuchepetsa nkhawa ndi kugona bwinoko. Thandizo lake ndi lapang'ono, komanso kafukufuku wambiri anachitika pa anthu ochepa. Mbali ina ya thandizolo imachokera ku mwambo womwewo: mwatsiriza ntchito, mwatsuka mbale, mwaika foni pansi, mwadontheza mafuta, thupi n'kuzindikira kuti tsiku latha. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa madzi pa mjigo kenako n'kuthamangira kombi, akapeza chinthu chomupatsa tulo, ine sindingamulande. Ndikuonetsani mmene mungachisungire.

Koma malonjezo atatu aja, loti chimfine sichilowa, loti mpweya umayera, ndi loti mwana adzasiya inhaler, palibe ngakhale limodzi loona.

Peppermint ndi bulugamu zimapusitsa mphuno mwanjira yodabwitsa. Mu peppermint muli menthol, yemwe amadzutsa timitsempha tomva kuzizira m'mphuno. Ubongo ukamva kuzizirako umaganiza kuti mpweya wambiri ukudutsa, munthu n'kumva ngati mphuno zatseguka. Ronald Eccles wa ku Cardiff, yemwe anathera zaka zambiri akufufuza za chimfine, anayeza mpweya wodutsa m'mphuno za anthu atapuma menthol ndipo anapeza kuti sunachuluke ayi, chinasintha ndi kamvedwe chabe. Kwa munthu wamkulu wa chimfine wamba, mpumulo woterewu ndi wabwino ndithu. Kwa mwana wa mphumu n'zoopsa, chifukwa akhoza kumva ngati akupuma bwino pamene njira za mpweya zikunka zichepa.

Zoti mafuta ena amapha tizilombo n'zoona m'mbale ya mu labotale, momwe mafutawo amagunda tizilomboto mwachindunji ndiponso ali ambiri. Madontho asanu omwazikana m'chipinda chonse sangachite zimenezo. Chimfine chimalowa m'nyumba ndi mwana wochokera kusukulu, ndi manja osasamba, ndi munthu amene anakuyetsemulirani mu kombi. Ndipo diffuser sichotsa kanthu mu mpweya, imangowonjezeramo. Mafuta a mandimu ndi malalanje ali ndi limonene, yemwe akakumana ndi mpweya wa ozone wolowa kuchokera panja amasanduka tinthu tina toyabwa m'maso ndi pakhosi, kuphatikizapo formaldehyde pang'ono. Ngati m'nyumba mukununkha chinyontho, kapena kuseri kwa wadirobu kwamera nkhungu yakuda pakhoma, fungo la lavender lingophimba, nkhunguyo ikadali pomwepo, ndipo nkhungu ndi mdani wamkulu wa mwana wa mphumu. Choyeretsa mpweya m'nyumba ndi zenera lotsegula.

Tsopano za mnyamata wanu. Ndikhale wachilungamo: sindinganene motsimikiza kuti diffuser yokha ndiyo yamudwalitsa. Munaigula mu Meyi, nthawi yomweyo imene Harare amayamba kuzizira. Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, mpweya ndi wouma, mabulangete omwe akhala m'sutikesi chaka chonse atuluka ndi fumbi lawo, oyandikana nawo akuwotcha zinyalala madzulo, chimfine chili ponseponse kusukulu. Zonsezi zimadzutsa mphumu. Koma fungo lamphamvu lili pa mndandanda womwewo wa zoyambitsa mphumu, limodzi ndi perefyumu, polishi ya pansi ndi mankhwala opopera udzudzu, ndipo pa zonsezi lomwe mungalichotse lero lomwe popanda kulipira kanthu ndi fungoli. Chitani chonchi: zimitsani kwa masabata awiri athunthu, chapani zofunda zake, ndipo mukhale ndi kakope kolembamo usiku uliwonse kuti wadzuka kangati ndi chifuwa, wapopa inhaler kangati. Kakope kameneko mupite nako kukiliniki. Anamwino amathandiza bwino kwambiri akaona zolembedwa kusiyana ndi kungomva kuti "akumatsokomola".

Ndipo musadikire kuti masabata awiriwo athe ndiye mupite. Mwana amene akudzuka usiku ndi chifuwa, kapena akufuna inhaler yabuluu ija ya salbutamol koposa kawiri pa sabata, mphumu yake sinagwidwe bwino. Yabuluuyo imangotsegula njira kwa maola ochepa. Pali ina, nthawi zambiri yabulauni, ya beclometasone, yomwe amapopa tsiku lililonse ngakhale mwana ali bwinobwino, ndipo ndiyo imachotsa kutupa kwa mkati. Makolo ambiri amaiopa, ati mwana azolowera. Sazolowera ngati mowa kapena fodya ayi, ndipo ana amene ndawaona akugonekedwa m'chipatala mobwerezabwereza ambiri ndi omwe anaileka. Funsaninso za spacer, chibotolo chomwe amalumikiza ku inhaler kuti mankhwala afike m'mapapo m'malo mothera pakhosi. Ngati ndalama yake palibe, musachite manyazi kunena. Dokotala Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa bwino kumbuyo, limagwira ntchito mofanana ndi spacer yogula. Apempheni anamwino akuonetseni kapangidwe kake. Chinthu chimodzi chokha musadzayese: kudonthezera mafuta onunkhira mu spacer, mu nebuliser (makina opumitsira mankhwala a mphumu) kapena m'makina a oxygen. Mafuta akalowa mkati mwa mapapo amayambitsa chibayo chovuta kuchiza.

Khanda lanu ndi lomwe likundidetsa nkhawa kwambiri, ngakhale simunalitchule pa odwala. Mwana wa miyezi 8 amapuma mofulumira kuposa inu, choncho poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake amakoka mpweya wambiri, pamene njira zake za mpweya n'zazing'ono ngati kaudzu komwera. Menthol ndi mafuta a bulugamu zikakhala pafupi ndi nkhope ya khanda zimatha kufinya kholingo kapena kuchedwetsa kupuma kumene. Tengani botolo la Vicks muwerenge: analemba kuti asapakidwe mwana wosakwana zaka 2, ndipo mkati mwake muli zomwezi, menthol, bulugamu ndi camphor. Langizo langa ndi losavuta. Mwana wosakwana zaka 2 asagone m'chipinda moyaka diffuser, kaya muli mafuta anji. Peppermint ndi bulugamu zidikire mpaka ana atakula ndithu, ndipo m'nyumba mwanu, momwe muli mphumu, ine ndikanazichotseratu. Mphuno za khanda zikatsekeka, donthezani madzi amchere a m'mphuno ogula ku pharmacy musanaliyamwitse, ndipo liziyamwa pafupipafupi. Musalifukizenso pa beseni la madzi otentha. Ana opsa ndi madzi ofukizira ndawaona, ndipo zipsera zake sizichoka.

Za mutu wa apongozi ndili ndi funso lomwe ndikupempha muliyankhe moona mumtima mwanu: kodi kukazizira mumalowetsa mbaula m'nyumba? Fungo lamphamvu la usiku wonse limapweteketsa mutu ndithu, limabweretsanso nseru ndi chizungulire, makamaka kwa amene amadwala mutu waching'alang'ala. Koma munthu wodzuka m'mawa ndi mutu nyengo yozizira, m'nyumba yotseka, ine ndimayamba ndaganiza za makala. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu, ndipo chaka ndi chaka umapha mabanja ali m'tulo. Choopsa n'chakuti chipinda chonunkhira bwino chimakupatsani chikhulupiriro choti mpweya uli bwino. Mbaula, sitovu ya gasi kapena ya parafini zisakhale zoothera m'chipinda chogona, ngakhale makalawo ataoneka ngati azima. Ngati mbaula simulowetsa, ndipo mutuwo ukupitirira diffuser itazimitsidwa, apite nawo akayezetse BP. Pa msinkhu wawo ndi chinthu choyenera kuchidziwa.

Nanga inuyo mutani ndi lavender wanu? Malangizo a pa bokosi, aja amati madontho 3 mpaka 5 pa mamililita 100 a madzi, analembera anthu okhala m'nyumba zazikulu ngati za ku Borrowdale, momwe fungo lili ndi kopita. Ife ambiri ku Mabvuku, Mufakose, Highfield kapena Epworth timagona anthu anayi m'chipinda cha mamita 3 mbali zonse. M'chipinda chotere madontho 2 akwana. Yatsani kwa mphindi 20 kapena 30, osapitirira ola, zenera lili lotsegula pang'ono, ana ali kwina, monga Loweruka masana pamene mnyamata akusewera panja ndipo khanda lili kumsana kwa agogo ake pakhonde. Mukazimitsa, tsegulani chitseko mpweya upite ana asanalowe. Mudzaona kuti pakapita mphindi zochepa fungo simukulimvanso. Sikuti latha, mphuno zangozolowera. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amawonjezera madontho, mlendo akalowa n'kutsamwa pakhomo pomwe.

Koma kunena zoona, m'zipinda ziwiri zokhala banja lonse, njira yomwe ndingakusankhireni siifuna magetsi n'komwe. Donthezani dontho limodzi la lavender pa kansalu kapena pa tishu, mununkhize kangapo mutakhala pansi musanakagone, kenako mukatsekere m'kabotolo ka chivindikiro. Fungo lafika kwa amene akulifuna, ena onse mpweya wawo uli bwino. Musadontheze pa pilo ngati khanda mumagona nalo, ndipo musambe m'manja musanaligwire kapena kuliyamwitsa.

Mukamagwiritsa ntchito makinawo, muziwasamala ngati botolo la mkaka wa mwana. Madzi otsala atayeni tsiku lomwelo, pukutani mkati, musiye chivindikiro chotsegula kuti muume. Kamodzi pa sabata thiranimo madzi osakaniza ndi viniga woyera pang'ono, mutsuke bwino. Madzi ogonera amaswa tizilombo ndi nkhungu, ndipo poti makinawa sawiritsa, zonsezo amaziponya mu mpweya zili zamoyo. Madzi a pa mjigo kapena a pachitsime muziyamba mwawiritsa n'kuwaziziritsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mchere wa m'nthaka, ndiye mukaona kafumbi koyera pa tebulo pozungulira diffuser, dziwani kuti kafumbi komweko mukukapumanso. Zoyatsira kandulo pansi pa kambale zija, zomwe anthu amathamangira magetsi a ZESA akapita, sindizikonda m'nyumba ya ana. Mafutawa amayaka moto, ndipo kambale kakauma kamatentha kwambiri.

Pogula, chikomekome cha mkuyu chilipo chambiri. Kabotolo koyenera kamakhala ka galasi lakuda kapena labulauni, kali ndi dzina la sayansi la chomeracho, monga Lavandula angustifolia kapena Eucalyptus globulus, dzina la kampani, tsiku lothera ntchito, ndi kotsekera kodonthezera. Kolembedwa kuti "fragrance oil" ndi perefyumu wopanga, si wa chomera. Mukaona rozi, lavender ndi mandimu zonse zili pa mtengo umodzi wotsika, dziwani kuti si zenizeni, chifukwa rozi weniweni ndi wodula kutalitali. Mawu akuti "therapeutic grade" asakukopeni: ndi mawu a malonda, palibe boma kapena bungwe loona za mankhwala limene limapereka chizindikiro chimenecho. Muno mu Zimbabwe bungwe la MCAZ ndilo limayang'anira mankhwala, ndipo kuyambira 2015 pali malamulo okhudzanso mankhwala azitsamba. Wina akamakuuzani kuti mafuta ake amachiza mphumu, shuga kapena BP, mufunseni ngati MCAZ inavomereza zimenezo. Mafutawa amawonongekanso akakhalitsa, makamaka a mandimu, malalanje ndi tea tree. Pakatha chaka kapena ziwiri chitsegulireni, kapena fungo likasintha, amayabwa kwambiri kuposa atsopano. Asungeni pozizira, kutali ndi dzuwa la pazenera.

Ndipo muwasunge pamwamba, motsekedwa. Pa zonse zomwe ndalemba za mafutawa, chimene chimapha msanga ndi mwana kuwamwa. Tsiku lina madzulo, nditatsala pang'ono kutseka, analowa agogo ena akuthamanga, kamtsikana ka zaka ziwiri kali m'manja. Mwanayo anali lenda, maso akutsinzina, m'kamwa mukutuluka fungo la bulugamu lomveka ndili kuseri kwa kauntala. M'dzanja lina agogowo anafumbata kabotolo, kotsekera kake kali ndi zipsera za mano. Anali atamumwetsa kale mkaka ndi kumupisa chala kukhosi kuti asanze, ndipo malaya onse anali masanzi. Sitinataye nthawi, tinaimitsa galimoto ya munthu wina yemwe anali pamzere n'kuthamangira naye kuchipatala. Mwanayo anachira, koma anagonekedwa masiku angapo chifukwa posanza paja mafuta ena analowa m'mapapo. Agogowo ankangobwereza kuti ankayesa ndi mankhwala achilengedwe, sangapweteke.

Mafuta a bulugamu osakwana sipuni yaing'ono imodzi amatha kugonetsa mwana tulo tosadzuka nato msanga kapena kumukomola ngati wakhunyu. Camphor ndi tea tree n'chimodzimodzi. Mafuta a wintergreen, omwe amanunkhira ngati switi, sipuni yaing'ono imodzi ili ndi mphamvu yofanana ndi mapiritsi a aspirin oposa 20. Khanda lanu posachedwa liyamba kukwawa ndi kuimirira pogwira tebulo, ndipo chilichonse chonunkhira chidzapita kukamwa, ngakhale madzi a mu diffuser omwewo. Zikachitika, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere. Pukutani m'kamwa, nyamulani kabotoloko, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale mwanayo akuoneka bwino, chifukwa zizindikiro zimatha kubwera patapita nthawi. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15. Akatayikira pakhungu, sambitsani ndi sopo.

Kwa ena owerenga: mayi woyembekezera apewe mafutawa miyezi itatu yoyambirira, ndipo pambuyo pake ayambe wafunsa kusikelo. Wodwala khunyu atalikirane ndi camphor, bulugamu, rosemary ndi sage. Amphaka chiwindi chawo sichitha kugaya zinthu zambiri za m'mafutawa, ndipo timadontho tikagwera pa ubweya amatinyambita. Mbalame zoweta, ngakhale anapiye omwe ena amasunga m'nyumba nyengo yozizira, sizichedwa kubanika. Ndipo amene mukupita kumudzi ku Malawi pa Khirisimasi, citronella ya mu diffuser, yomwe ena amathamangitsira udzudzu, isalowe m'malo mwa neti. Malungo sathawa fungo.

Mayi, zizindikiro izi mukaziona musadikire kuti kuche. Mnyamata akamalephera kumaliza chiganizo osapumira, khungu likamalowa mkati pakati pa nthiti kapena pansi pa khosi akamapuma, milomo ikada kapena kutuwa, akafooka n'kumasinza, kapena inhaler yabuluu ikapanda kumuthandiza: mupopereni kudzera mu spacer muli m'njira, mupite kuchipatala chapafupi, kapena ku Parirenyatwa kaya ku Sally Mugabe, komwe ambiri timakutchabe ku Gomo. Khanda liwerengeni kupuma kwake kwa mphindi yathunthu lili phee, mukuyang'ana pamimba. Pa msinkhu wake, kupuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi ndi kofulumira, ndipo likamakana bere, likamabuula popuma kapena thupi likatentha, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Komanso aliyense m'nyumbamo amene watsokomola masabata awiri, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda, akayezetse TB kukiliniki ya khonsolo. Fungo la bulugamu likhoza kufewetsa chifuwa chotere kwa kanthawi, matenda akukula, ndipo m'zipinda ziwiri sachedwa kufika kwa ana.

Inuyo ngati tulo tikusowabe kwa milungu ingapo, mtima ukungothamanga, kapena chibadwire khandali mukumva kulemedwa ndi kusasangalala, mukawauze anamwino tsiku la sikelo. Zimachitikira amayi ambiri, thandizo lilipo, ndipo lavender yekha sangasenze katundu ameneyo.

Mnzanu wa kuntchito musakangane naye. Mwachidziwikire akungobwereza zomwe anauzidwa ndi amene anamupatsa katunduyo, ndipo mwina nayenso ana ake akugona mu fungo lomweli. Muonetseni yankho lino, makamaka ndime ya makanda ndi ya inhaler, chifukwa ali ndi makasitomala ena omwe sanalembe kalata. Mufunseni ngati angalandire peppermint ndi bulugamu zija n'kukubwezerani ndalama, kapena kukusinthirani ndi lavender wina. Akakana, musazitaye m'dzala momwe ana amatola zoseweretsa. Zitsekeni bwino, muzikulunge, mupite nazo ku pharmacy yapafupi mukafunse mmene angakutayireni. Pakatha masabata awiri mundilemberenso, mundiuze zomwe zili m'kakope kaja ndiponso zomwe anena kukiliniki.